Tsiku Limene Ndinasonkhera Bwato la Apongozi Pamoto

Zaka za m'ma 1950 zikupita kumapeto, pamene mzinda uno azungu ankautcha Vila Cabral koma ife tinkangoti kuvila, ine ndinali mnyamata wa ndevu zitatu, wogwira ntchito mu ofisina ya matabwa ya Mpwitikizi wina amene tonse tinkangomutcha mestre. Inu adzukulu mumandifunsa kawirikawiri kuti ntchito ya banja lathu iyi, yotola mitengo yolavulidwa ndi nyanja ndi zitseko zotayidwa n'kuzisandutsa zokongoletsa m'nyumba, inayamba ndi yani, ndipo ine ndimangoti inayamba ndi malemu agogo anu aakazi, osanena zambiri. Lero popeza mvula yatitsekera pakhonde pano ndipo guluu sakuuma, iwe Saide ika thabwalo pansi, nawe Amina sendera kuno, ndikuuzeni zonse, pakuti nkhaniyi ili ndi manyazi anga m'kati mwake, koma munthu ukakalamba manyazi amapepuka.

Masiku amenewo vila inali nyumba zowerengeka za njerwa ndi misewu ya fumbi lofiira, ndipo kuno ku Lulimile kumene lero mukusowa poimika njinga kunali minda ya mbatata ndi nyemba, nyumba zathu za udzu zili patalipatali. Mestre anandiphunzitsa chinthu chimodzi mpaka chinalowa m'magazi: thabwa labwino ndi lowongoka ndi losalala. Ankayendetsa chala pa thabwa maso ali chitsinzire, ndipo akamva kamfundo kapena kamng'alu ankaliponya pakona n'kunena kuti "lenya," ndiye kuti nkhuni. Ine ndinakula ndi maso amenewo. Mtengo uliwonse wokhota, wotuwa, wobooka, kwa ine unali nkhuni basi.

Agogo anu, Asiatu, amene ndinkawaitana kuti Abiti Mussa, ndinawaona koyamba ku Meponda, mestre atatituma kukakhoma mazenera a nyumba ina ya boma. Bambo awo, Che Mussa, anali msodzi wamtali wokonda kuseka, ndipo nditatuma akuluakulu kukafunsira, iwo anagwira manja anga, kuwatembenuza, n'kunena kuti, "Manja ndi a ntchito awa. Madzi sawadziwa, koma mwana wanga sadzagona m'nyumba yopanda chitseko." Anavomera. Koma ukwati usanachitike, m'nyengo ya mwera, anapalasa bwato lawo m'mawa kukavuula ukonde, ndipo sanabwerenso. Anthu anafufuza masiku ambiri, osapeza munthu, osapeza bwato, osapeza ngakhale nkhafi. Mukudziwa kuti ife Asilamu munthu timamusambitsa, kumuveka sanda n'kumuika m'manda tsiku lomwelo, ndiye taganizani banja limene lilibe womusambitsa, lilibe manda oti n'kuloza.

Mwambo wa kunyanja unali woti mwamuna akakhale kwao kwa mkazi, koma ine ntchito inali kuvila, choncho ndinapempha chitengwa. Atsibweni awo a Asiatu, Che Bwanali, munthu wosalankhula kawiri, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Tikukubwereka, sitikukupatsa. Chaka chikatha ndidzakwera ndekha kudzamufunsa. Akadzati mtima uli kunyanja, ndidzatsika naye, ndipo iwe usadzalire." Ndinavomera msangamsanga monga achitira anyamata, poganiza kuti chikondi changa chokha chikwanira kufunditsa munthu.

Sichinakwanire. Inu munabadwira kumtunda kuno, kuzizira kwa Juni mumakudziwa ndipo muli ndi majekete a pamsika, koma munthu wokulira pamchenga wotentha, ali ndi nsalu ziwiri zokha, kuzizira kuno kumamulowa mpaka m'mafupa. Abiti Mussa anayamba chifuwa chosatha. Sankadandaula ayi, madzi ankatunga, pakhomo ankasesa, ine ndikabwera ankandilandira mwaulemu, koma kuseka kumene ndinakukonda ku Meponda kunatsala komweko. Nyumba yathu inali ndi chitseko chabwino monga ananenera bambo awo, tebulo losalala ndi mipando iwiri yowongoka, koma iwo ankakhala pamphasa n'kumayang'ana khoma lopanda kanthu. Ine ndinkawerenga miyezi yotsala kuti Che Bwanali akwere, ndipo mantha ankakula.

Tsiku lina la Sabudu, ndiye kuti Loweruka, tinaweruka masana, kunja kuli chifunga ndi kamphepo kocheka makutu. Nditafika ndinapeza Abiti Mussa apita kumtsinje, ndipo pakhonde panali mtolo wa usipa wouma, umene anthu ogulitsa nsomba ankatibweretsera kuchokera kwa apongozi, ndipo pambali pake panali chimtengo chotuwa, chokhota, chachitali ngati mkono ndi theka, mbali ina chofumbwa, mbali ina chokhomedwa kachitini kadzimbiri. Ndinasangalala. Ndinati apongozi aganiza bwino, atitumizira nkhuni youma, lero mkazi wanga akabwera apeza nyumba yofunda ndi madzi otentha osamba. Ndinatenga nkhwangwa, ndinawaza chimtengocho zidutswa zisanu, ndinasonkha moto pakati pa nyumba, ndipo unayaka bwino zedi, lawi lake loyera, lopanda utsi. Ndinakhala pampando wanga wowongoka n'kumadikira kuyamikiridwa.

Analowa ndi mtsuko pamutu. Anayang'ana pakhonde, anayang'ana pamoto, ndipo mtsuko uja sindikudziwa kuti anautula bwanji. Ndinangoona agwada, alowetsa dzanja m'moto, atulutsa chidutswa chili lawilawi n'kuchikumbatira ndi nsalu yawo, abwezanso dzanja kutenga china. Ndinawakoka, ndinathira madzi pamoto, nyumba yonse phulusa ndi nthunzi. Zidutswa ziwiri zinali zitapsa kale mpaka makala. Zitatu zinapulumuka, chimodzi chitada mbali imodzi, ndipo chikhatho chawo chamanja chinali chitatupa matuza.

Sanakuwe, sananditukwane. Ndikuwapaka mafuta pa dzanja, anayankhula motsitsa, maso ali pa zidutswa zija.

"Che Rajabu, munafunsa yani?"

Ndinati, "Ndimayesa nkhuni. Ndimafuna mufunde."

"Ndi bwato la bambo anga," iwo anatero. "Achimwene Issa alipeza sabata yatha litakodwa m'bango, kumutu kwake kokha. Analizindikira ndi chigamba ichi, bambo anachidula ku debe la palafini ine ndikuwagwirira misomali. Amayi anati, ife kuno nyanja tili nayo, tikamufuna timayang'ana pamadzi, ichi mukapatse uyo ali kutali."

Adzukulu anga, akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine tsiku limenelo ndinadya choposa phula. Chinthu chokhacho chimene nyanja inabweza cha munthu uja, chinayenda chaka chathunthu pamadzi osamira, chinakwera phiri lonse la Meponda pamutu pa munthu, n'kudzathera pa nkhwangwa ya mkamwini. Pepani amene ndinanena anamveka wochepa ngati kambewu ka mpiru.

Masiku atatu m'nyumba munali zii. Tsiku lachinayi Abiti Mussa anandiuza kuti ogulitsa nsomba akamatsika ulendo wotsatira atsika nawo, sadikira atsibweni. Ndinawapempha kuti andipatse masabata awiri okha, dzanja lipole, pakuti njira ija ndi yamiyala ndipo munthu amafuna manja onse awiri. Anavomera chifukwa cha dzanjalo, osati chifukwa cha ine.

Ine m'mutu mwanga munali nzeru imodzi yokha, ya mmisiri. Ndinati ndikonza chimene ndaononga. Ndinabwereka pulaina ku ofisina, chida chopalira matabwa chija, ndipo Lamulungu m'mawa ndinakhala kuseri kwa nyumba ndi zidutswa zitatu zija, cholinga ndizipale, ndichotse kutuwa ndi kupsa ndi chitini chadzimbiri, ndipange kabokosi kosalala konyezimira koti azisungamo ndolo. Ndinangopala kamodzi, kaphande kamodzi kakugwa pansi, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Munatentha, tsopano mukufuna mufufutenso?"

Ndinaima. Anadzakhala pansi pafupi nane, koyamba chichitikire ngozi ija, ndipo ndi dzanja lamanzere anatenga chidutswa chachikulu n'kuyamba kundionetsa. "Mzere uwu si mng'alu, ndi pamene pankadutsa chingwe cha ukonde, zaka ndi zaka. Apa posalala ndi pamene ankagwira pokankhira bwato m'madzi. Misomali iyi yapindika chifukwa analibe hamala, ankakhomera mwala. Inu mukapala zonsezi, chitsale n'chiyani? Thabwa ngati la mestre wanu."

Ndinayang'ana mtengo uja ngati ndikuuona koyamba, ndipo ndinaonadi kuti unali ndi nkhope yake. Ndinafunsa kuti, "Nanga ndichite chiyani, Abiti Mussa? Ndiuzeni inu, ine manja okha."

Anati akadakonda chikhale pakhoma, pamene munthu angachione ali pamphasa, chokhala ndi kathandala koikapo nyale. Ndinathamangira matabwa a makaishote, mabokosi a vinyo amene mestre ankataya, ndinawayika pambali pa zidutswa zija, koma iwo anapukusa mutu. Anati mtengo wa kumtunda ndi wa m'madzi sizigwirizana, zili ngati munthu wovala jekete pamwamba, pansi chibiya, kansalu ka m'chiuno kokha. Pankafunika mitengo ina imene nyanja yatafuna n'kulavula. Ndipo anawonjeza, osandiyang'ana, kuti amayi awo ayenera kumva zimene zachitika kuchokera pakamwa pa amene anazichita.

Lero mukafuna kupita ku Meponda mumakwera shapa, minibasi zija, m'mawa, madzulo mwabwera, muli pa telefoni njira yonse. Ife tinkayamba tapempha chikalata cha ulendo kuboma, chifukwa sipayo, msilikali wa boma, akakupeza panjira wopanda pepala, manja ako ankalawa mbalamatodya, thabwa lomenyera m'zikhatho. Mestre anandipatsa masiku anayi monyinyirika, atamva kuti ndi nkhani ya maliro a apongozi, zimene sizinali bodza kwenikweni. Ndinatsika wapansi tsiku ndi theka pa zitunda zija, koma chimene chinkalemera kwambiri chinali mawu amene ndinanyamula.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Inu a masiku ano mumadya mbale imodzi ndi apongozi anu, kujambulitsa nawo mutagwirana mapewa, koma ife mpongozi wamkazi sitinkamuyang'ana kumaso. Iwo anakhala m'nyumba kuseri kwa chitseko, ine panja chammbali nditayang'ana kumpanda, mlamu wanga Issa ali pakati. Ndinafotokoza zonse, nkhwangwa, moto, dzanja la mwana wawo, osabisa kanthu. Issa anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba atakwiya. 

Kenaka mawu a apongozi anatuluka kuseri kwa chitseko. "Moto umenewo munasonkhera yani?"

Ndinati, "Mwana wanu, amayi. Amatsokomola."

"Anafunda?"

"Pang'ono chabe, asanaone."

"Ndiye bambo ake anamufunditsa," iwo anatero. "Munthu uja akadakhalapo, mwana wake akuzizidwa, bwato akadaliwaza yekha. Kulakwa kwanu n'kusafunsa. Madzi akatayika saoleka, koma mtsuko sutayidwa. Issa, bwera kuno, upite nawo alamu ako kugombe."

Ndinalira, adzukulu, ndili chiyang'anire kumpanda, ndipo mwambo wosayang'anana uja unandithandiza tsiku limenelo.

Issa anayenda nane m'mbali mwa madzi masana onse, mchenga ukuwotcha mapazi, poyamba osandiyankhula. Ine ndinkatola mitengo yowongoka, iye n'kumailanda n'kuiponyanso m'madzi, n'kundipatsa yokhota, yobooledwa ndi tizilombo, mizu yopotana imene mafunde anaisalaza mpaka kuoneka ngati fupa. Pofika kumathero a gombe anali atayamba kundiseka, ndipo munthu akayamba kukuseka ndiye kuti mkwiyo watsika. M'mawa mwake ndikumanga mtolo, ndinapeza apongozi aikapo chingwe chakale cha ukonde wa malemu, chakuda ndi utsi, ndi tizigoba ta nkhono todzaza chikho.

Ulendo wokwera unali wa chipongwe. Pamphambano ina sipayo anandiimitsa, anaona pepala, anaona mtolo, n'kuitana mnzake kuti adzaone munthu wochoka kunyanja ndi nkhuni kupita nazo kumtunda kumene mitengo ili mbwee. Amayi a ku minda ankaima ndi makasu n'kumafunsana ngati ndili bwinobwino m'mutu. Ine ndinkangoti moni, moni, n'kumapita.

Nditatula mtolo pakhomo, Abiti Mussa anamasula okha ndi dzanja limodzi, ndipo ataona chingwe chija anachinunkhiza n'kukhala nacho pamphumi kanthawi. Ogulitsa nsomba anabwera sabata imeneyo, anatsika, iwo sanatchule za ulendo, inenso sindinafunse.

Tinagwira ntchito imeneyo masana a Sabudu ndi Lamulungu kwa mwezi wathunthu, iwo maso, ine manja. Ankayala mitengo pamphasa, kuisuntha, kuitembenuza, kupita pakhomo kukaiyang'anira patali, kubweranso. Ine ndikati apa pakhota tidule, iwo ankati pakhota pomwepo ndiye pakhale pamwamba. Misomali ndinkatola yakugwa ku ofisina n'kumaiwongola pamwala, koma malo ambiri anakana msomali, anati timange ndi chingwe cha ukonde, ndipo anandiphunzitsa mfundo za asodzi zimene mpaka lero inu mumamanga osadziwa kumene zinachokera. Kuyeretsa tinkayeretsa ndi mchenga ndi kansanza konyowa basi, kenaka kupaka mafuta a nsatsi pang'ono kuti mtengo usamwe chinyezi. Galasi loyang'anira la mkazi wa mestre linasweka masiku omwewo n'kutayidwa kudzala, ndipo ndinapempha chibenthu chake chachikulu, pakuti tsopano ndinali nditaphunzira kufunsa ngakhale za kudzala. Abiti Mussa anachilowetsa pakati pa mizu iwiri, tizigoba tija tikuzungulira m'mphepete.

Chidutswa chopserera chija ndinachisiya pambali mpaka kumapeto, ndikuyembekeza kuti tichibisa kumbuyo. Ndinapempha kuti mwina ndingopala makala okhawo. Iwo anachitenga n'kuchiika kutsogolo penipeni, pansi pa chigamba cha debe.

"Kupsaku musakuchotse," anatero. "Chingwe ndi cha bambo, kutuwa ndi kwa nyanja, kuda uku ndi kwanu. Nanunso mwalembapo."

Ndipo anaseka. Kanali koyamba kumva kuseka kuja m'nyumba ya kumtunda.

Titachikhoma pakhoma n'kuikapo nyale, nyumba inasintha. Akazi anzawo a ku mtsinje anayamba kubwera kudzaona, ena kudzadziyang'anira pagalasi, ndipo pakati pawo panali ambiri ochokera kunyanja amene anakwatiwa kuvila ngati iwo. Wina anabwera ndi mpini wa khasu la malemu amake, wina ndi chitseko cha nkhokwe ya kwawo, kufunsa ngati tingawapangireko kanthu. Pakhomo pamene panali zii panayamba kumveka Chinyanja ndi Chiyao mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chifuwa chija, kaya ndi mankhwala a masamba amene anzawowo anabweretsa, kaya n'chiyani, chinatha.

Mvula yoyamba ili pafupi, Che Bwanali anakwera monga analonjezera, ndi ndodo yawo ndi kofiya woyera. Analowa m'nyumba, anakana mpando wanga, anakhala pamphasa, ndipo maso awo anakafika pakhoma. Anadzuka, anayandikira, anagwira chigamba cha debe ndi chala, anatsata mzere wa chingwe uja mpaka pamene panapsa. Nkhani ya moto anali ataimva kale kumudzi. Anatambasula manja n'kuwerenga dua, pemphero lopempherera malemu, ife tikuyankha amina, ndipo inali nthawi yoyamba kuti dua ya Che Mussa iwerengedwe pali chinthu chawo choti maso n'kutsamirapo.

Atatha anakhalanso pansi n'kunditulutsa panja, pakuti funso lija silinali langa. Koma nyumba za udzu zilibe chinsinsi, ndipo ine ndinaima pafupi ndi khoma.

"Asiatu, chaka chatha. Ndatsala ndi malo panjira. Titsike?"



"Atsibweni, tsikani nokha," iwo anayankha. "Munthu uyu sangasiyidwe yekha. Ndikachoka ine, Juni akabwera adzasonkhera chitseko."

Che Bwanali, amene anthu ankati sanasekepo chibadwire, anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anandiitana kuti ndilowe. Anati, "Uja tinakubwereka, lero takupatsa. Koma nkhwangwa uzisunga kwa aneba."

Tinakhala limodzi zaka zoposa makumi asanu, ndipo pa zonse zimene zinatuluka m'manja mwanga, palibe chimene ndinakhoma msomali womaliza iwo asanaime pakhomo n'kuchiyang'anira patali. Anthu ankati Che Rajabu ndi mmisiri, ine n'kumavomera, koma tsopano mwadziwa.

Ndiye inu, ana a ana anga, muli ndi makina odula ndi opala amene ife sitinkawalota, ndipo amathamanga kuposa maganizo. Munthu akakubweretserani chitseko chakale, mtondo wong'ambika, kaya thabwa la bedi la amake, musathamangire kuyatsa makina. Mukhazikeni pansi, mumupatse madzi akumwa, mumufunse kuti chinali cha yani ndipo chipsera ichi chinabwera bwanji, chifukwa kawirikawiri chimene inu mukufuna kuchotsa ndi chimene iye wadzera. Ndipo mukadzakwatira kapena kukwatiwa, muzichita chimodzimodzi ndi mnzanuyo. Adzabwera ndi zake zotuwa ndi zokhota za kwao, zimene simudzazimvetsa tsiku loyamba. Musadzaziwaze, ngakhale mutakhala ndi mtima wabwino wotani. Yambani mwafunsa.